Momwe mungatchunire njinga yamoto pogwiritsa ntchito sensa ya okosijeni ndi mita yake

Amakaniko ambiri amatchuna kabuleta pomvetsera kulira kwa injini ndi poyang'ana mtundu wa pulagi, ndipo njira imeneyi yathandiza kwa zaka zambiri. Kuperewera kwake n'kwakuti pulagi imangofotokoza zimene zinkachitika injini itatsala pang'ono kuzimitsidwa, pomwe injini yomweyo ikhoza kumamwa petulo mopitirira muyeso ikamalira pang'onopang'ono, n'kumasowa petulo ikapatsidwa moto wonse. Sensa ya okosijeni yomangidwa pa ekizozi imanunkhiza utsi nthawi yomweyo, ndipo mita imakuonetsani nambala.

Nambala yoyamba kuidziwa ndi 14.7. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndipo mulingo umenewu ndi womwe umatchedwanso lambda 1.00. Mita ikaonetsa 16 ndiye kuti petulo wachepa, ikaonetsa 12 ndiye kuti wachuluka. Injini imatulutsa mphamvu zambiri pakati pa 12.5 ndi 13.2, osati pa 14.7, chifukwa petulo wowonjezerayo amathandizanso kuziziritsa pisitoni ndi mavalavu. Ngati petulo wanu ndi wosakaniza ndi ethanol musasokonezeke, popeza mita imayeza lambda kenaka n'kuichulukitsa ndi 14.7, choncho nambala zomwezi zimagwirabe ntchito.

Yambani ndi kusankha sensa yoyenera. Sensa imene imabwera ndi njinga zambiri za fuel injection (zomwe petulo amapoperedwa mu injini moyendetsedwa ndi kompyuta m'malo mwa kabuleta) ndi ya mtundu wa narrowband, womwe kampani ya Bosch inayamba kuika m'galimoto za Volvo mu 1976. Imeneyi imatulutsa magetsi a pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts, n'kumalumpha pa 0.45, ndipo chimene imadziwa n'chakuti petulo wachuluka kapena wachepa, koma siinganene kuti ndi mochuluka bwanji. Pa ntchito yotchuna pamafunika sensa ya mtundu wa wideband, imene imanena mulingo weniweni, monga Bosch LSU 4.9, yomwe imabwera ndi kabokosi kake koyendetsa chotenthetsera ndi kuwerenga zotsatira. Sizitheka kulumikiza wideband ku mawaya a narrowband n'kuyembekezera nambala zolondola.

Musanaboole paipi ya ekizozi kuti muikepo sensa, konzani kaye injini yeniyeniyo. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya, onani mpata wa mavalavu, ikani pulagi yabwino, ndipo yezani msinkhu wa petulo m'kabeseni ka kabuleta. Apa m'pamene anthu ambiri amasocherera, chifukwa sensa siona petulo, imaona okosijeni wotsala mu utsi. Pulagi ikaphonya kuyatsa, mpweya wosapsa umadutsa pa sensa ndipo mita imanena kuti petulo wachepa, ngakhale silinda itanyowa ndi petulo. Chimodzimodzi gasiketi yotha pamene paipi imalumikizana ndi injini, kapena kamng'alu kakang'ono pafupi ndi powotcherera, kamayamwa mpweya wakunja n'kunamiza mita. Injini ikadali yozizira, pakani madzi a sopo m'malumikizidwe onse, ilizeni, muphimbe kukamwa kwa ekizozi ndi nsanza kwa kanthawi kochepa, ndipo pamene patuluke thovu ndi pamene pakudontha. Njinga zambiri zilinso ndi kapaipi kolowetsa mpweya mu ekizozi pofuna kuchepetsa utsi woipa. Kameneka katsekeni pa nthawi yoyeza, mukatha mukabwezeretse.

Kenaka wotchererani nati ya sensa, yomwe mazinga ake ndi M18 x 1.5. Malo abwino ndi pamene mapaipi a masilinda akumana, catalytic converter (chipangizo cha mu ekizozi chochepetsa utsi woipa) isanafike ngati ilipo, komanso patali ndi kukamwa kwa ekizozi, chifukwa injini ya silinda imodzi imakoka mpweya wakunja kubwerera m'paipi pakati pa kuphulika kulikonse. Sensa iloze pansi, mbali ya mawaya ikhale m'mwamba ndi madigiri osachepera 10 kuchokera pa mzere wopingasa, kuti madzi amene amadikha m'paipi yozizira asalowe m'mphuno mwake. Mkati mwake muli kadothi kowotcha komwe kamagwira ntchito pa kutentha kopitirira madigiri 700, ndipo dontho limodzi la madzi likagwera pamenepo kamasweka. N'chifukwa chake si bwino kusiya sensa ikutentha kwa nthawi yaitali injini isanalire. Pewaninso silikoni wamba pomata ekizozi komanso petulo wokhala ndi mtovu, pakuti zonsezi zimapha sensa. Magetsi a mita atengeni pa waya amene amayaka ndi kiyi, kudzera pa fyuzi, ndipo mawaya apite kutali ndi waya wa pulagi.

Tsopano matani katepi pa chogwirira chopatsira moto, ndipo lembanipo mizere yosonyeza kota, theka, makota atatu ndi mapeto. Kachinthu kooneka kachibwana kameneka ndi kamene kamapangitsa nambala kukhala ndi tanthauzo, chifukwa kabuleta imagawa petulo motsatira mmene mwatsegulira moto, osati liwiro la njinga. Jeti yaing'ono (jeti ndi kabowo kodutsa petulo m'kabuleta) ndi sikuluu yake zimalamulira kuyambira injini ikamangolira yokha mpaka pafupifupi pa kota, singano ya m'kabuleta, imene imakwera mukamatsegula moto, imalamulira kuyambira pa kota mpaka makota atatu, ndipo jeti yaikulu imatenga udindo kuchokera pamenepo mpaka mapeto.

Yendetsani njinga mpaka injini itenthe bwino, choke (chowonjezera petulo poliza injini yozizira) itazimitsidwa, kenaka muyambe ndi injini ikungolira yokha. Injini zambiri za kabuleta zimakhazikika pakati pa 13 ndi 14. Sikuluu ikakhala mbali ya injini imalamulira petulo, ndipo kuimasula kumawonjezera petulo. Ikakhala mbali ya sefa imalamulira mpweya, ndipo kuimasula kumachepetsa petulo. Tembenuzani kota imodzi yokha, dikirani masekondi angapo kuti nambala ikhazikike, ndipo lembani m'kope.

Jeti yaikulu iyesedwe singano isanakhudzidwe, popeza kuisintha kumasunthanso nambala za pakati. Pa msewu wopanda anthu, kapena pa dyno (makina oyeserapo njinga ili pamalo amodzi) ngati ilipo, tsegulani moto wonse mu giya yachitatu kapena yachinayi mpaka injini ikwere. Maso anu akhale pa msewu. Mita ijambulidwe ndi foni yomangidwa bwino kapena isunge yokha zimene yawerenga. Nambala ikafika 14 kapena kupitirira moto uli wonse, bwezani moto msanga ndipo ikani jeti yokulirapo, chifukwa kuchepa kwa petulo pamenepo ndi kumene kumaboola pisitoni. Ikatsika kufika 11, injini imalemera ndipo pulagi imada, choncho tsikani sayizi imodzi n'kuyesanso. Ngati mukukayika pakati pa majeti awiri, ine ndimasankha wokulirapo.

Pomaliza bwerani pa singano, mukuyenda mokhazikika pa theka la moto, pomwe 13.5 mpaka 14.5 ndi pabwino. Kutsitsa kakilipi pa mizere ya singano kumakweza singanoyo n'kuwonjezera petulo, ndipo kukakweza kumachepetsa. Musatekeseke mukaona nambala ikulumpha pamene mwatsegula moto mwadzidzidzi kapena ikuthamangira m'mwamba pamene mwautseka, chifukwa zimenezo ndi zachibadwa. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo lembaninso nyengo ya tsikulo, popeza kumalo okwera kapena kunja kukatentha mpweya umapepuka ndipo jeti yomweyo imaoneka ngati yakula.

Pa njinga ya fuel injection ntchito ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa majeti mumasintha nambala za m'tebulo la petulo pa kompyuta, kudzera mu ECU (kompyuta ya injini) kapena kabokosi kowonjezera monga Power Commander ya Dynojet. Dziwani kuti pa moto wochepa ECU imamvera sensa yake ya narrowband n'kumabwezera zonse ku 14.7, motero zimene mwasintha m'chigawo chimenecho zimafufutika zokha. Injini ya two-stroke, imene imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndi nkhani ina: mbali ya mpweya watsopano imathawira mu ekizozi isanapse, mita imaonetsa ngati petulo wachepa, ndipo oyilo amadetsa sensa msanga, choncho pa injini zotere nambala ya mita iyenera kuyendera limodzi ndi kuyang'ana pulagi. Mukamaliza, masulani sensa paipi itazizira ndipo tsekani bowolo ndi bawuti yake, chifukwa sensa yosiyidwa mu utsi popanda magetsi imadzaza mwaye.