Momwe Mungachitire Musanavomere Kuyezetsa Miluza pa Chithandizo cha IVF

Mabanja ena amene amapita ku Johannesburg kapena ku India kukafuna mwana kudzera mu IVF (njira yokumanitsa dzira ndi umuna mu labotale, kenako n'kuika mluza m'chiberekero) amabwerako ndi funso lowawa: dokotala anati mluza unali wooneka bwino, nanga bwanji sunagwire m'chiberekero? Kawirikawiri gwero lake limakhala makromozomu, tizinthu ta m'maselo timene timanyamula zachibadwa. Mluza wabwinobwino umakhala nawo 46, theka ochokera ku dzira la mayi ndipo theka ku umuna wa bambo. Akachuluka kapena kuperewera, nthawi zambiri mluzawo sugwira, kapena mayi amapita padera mimba idakali yaing'ono. Pali kuyeza kumene kumaona makromozomu a mluza usanaikidwe m'chiberekero, koma musanavomere, tsatirani izi.

Choyamba, ganizirani zaka za mayi, chifukwa vutoli limachokera kwambiri ku dzira ndipo limakula mayi akapitirira zaka 35. Apa palibe wolakwa, ngakhale achibale amafulumira kuloza chala.

Chachiwiri, funsani dokotala kuti ndi miluza ingati yafika tsiku la 5 kapena la 6 kuchokera pamene dzira linakumana ndi umuna. Pa nthawi imeneyi ndi pamene amachita kuyeza kotchedwa PGT-A: amatapa maselo ochepa kunja kwa mluza, mbali imene idzasanduke nsengwa, n'kuwatumiza ku labotale, mluzawo n'kuuumitsa pouziziritsa kwambiri podikira zotsatira. Kuyezaku sikukonza mluza wolakwika. Kumangothandiza kusankha woyamba kuikidwa. Ngati muli ndi mluza umodzi kapena iwiri yokha, funsani mosapita m'mbali chimene chidzasinthe mukalipira ndalama zoonjezerazo. Bungwe la HFEA, loyang'anira zipatala zoterezi ku Britain, limanena kuti kwa odwala ambiri PGT-A siwonjezera mwayi wobereka mwana, ngakhale kuti imachepetsa kupita padera.

Chachitatu, zotsatira zikabwera, musathamangire kuvomera kuti mluza utayidwe. Pali miluza imene imapezeka ndi maselo osakanikirana, ena abwino ena olakwika, ndipo ina mwa imeneyi yaberekapo ana athanzi. Pemphani kukumana ndi katswiri wa zachibadwa kuti akufotokozereni pepala la zotsatira mzere ndi mzere.

Pomaliza, konzekeretsani thupi. Nonse awiri siyani fodya, ndipo mayi azimwa vitamini wa folic acid tsiku lililonse. Mluza ukaikidwa, pitirizani mankhwala a progesterone, othandiza kuti mimba ikhazikike, monga mwauzidwira, ngakhale mutaona timadontho ta magazi, ndipo dziwitsani dokotala. Dikirani kuyezetsa magazi kofuna kuona ngati muli ndi mimba pa tsiku limene chipatala chakupatsani, pafupifupi masiku 10 mpaka 14, chifukwa kachida koyezera mkodzo kunyumba kakhoza kukunamizani mukafulumira.