Momwe mungaseterere foni kuti izionetsa phokoso kwa m'bale wanu wosamva

Azakhali anga ku Chibavi samva bwino, ndiye munthu amatha kugogoda pakhomo mpaka kutopa n'kubwerera, iwo ali m'nyumba momwemo akusenda mbatatesi. Zida zogula zilipo, monga belu lapakhomo lothwanima getsi, koma foni ya Android yomwe muli nayoyo imatha kugwira ntchitoyi.

Choyamba lowani mu Settings, pitani pa Accessibility, fufuzani Sound Notifications. Ngati mulibe, mafoni ena otchipa sabwera nayo, tsegulani Play Store mudawunilode Live Transcribe ya Google, ndi yaulere, mungowononga ka bando pang'ono basi. Google inawonjezera Sound Notifications mu Live Transcribe momwemo mu 2020. A iPhone inu, zanu zili pa Accessibility pomwepo, zimatchedwa Sound Recognition, zinayamba ndi iOS 14.

Mukayatsa ikufunsani chilolezo cha maikolofoni, vomerani, apo ayi palibe chomwe imve.

Kenako sankhani maphokoso. Pali kulira kwa mwana, kugogoda, belu, galu kuuwa, madzi kutuluka pampopi, sailini ndi alamu ya utsi. Apa ine ndinganene kuti musayatse zonse, makamaka galu, chifukwa agalu a m'makwalala muno akayamba usiku foni izingonjenjemera mpaka kucha ndipo mwini wake atopa nayo n'kuizimitsa, ndiye mwapindulanji. Kwa azakhali tinangoyatsa za kugogoda, mwana ndi madzi, poti madzi akabwera mpopi uli wotsegula ndowa imasefukira iwo osadziwa.

Musaiwale kuyatsa tochi yakumbuyo kuti izithwanima, ndi vaibureshoni yomwe. Uthenga wa pa sikirini wokha sukwana ngati munthu akuyang'ana kwina.

Chovuta kwambiri n'poiika. Foni imamva ndi maikolofoni yake yomweyo, ikakhala m'thumba la chitenje kapena pansi pa pilo yatsekeka makutu. Iikeni patebulo poonekera, kufupi ndi chitseko, kenako wina atuluke agogode muone ngati ikuthwanima, yesani kangapo. Yesaninso tsiku la mvula, nonse mukudziwa mvula ya kuno ikamamenya malata ngakhale ife akumvafe timachita kukuwizana, foninso imaphonya.

Sifuna intaneti kuti igwire ntchito, koma batire imadya ndithu poti imamvetsera nthawi zonse, ndiye pawabanki ikhale yodzaza magetsi akazima. Ndipo mwana wakhanda usiku musamusiyire foni yokha, pagone wina wakumva pafupi.