Kupita kuphiri ndi mwana wongoyamba kuyenda

Anthu ambiri mwana akangobadwa amati basi zokayenda kuthengo zatha, tidikire akule. Ine ndimakana ndithu. Mwana wazaka 2 kapena 3 atha kupita nawo kuphiri bwinobwino, bola muvomereze kuti ulendowo ndi wa iyeyo, liwiro ndi lake, ndipo pobwerera akuuzani ndi iyeyo. Mukanyamuka ndi mtima wokafika pansonga nde kuti mubwerako mwakwiyitsana nonse, mwana akulira, bambo kutsogolo, mayi kumbuyo.

Posankha malo funso ndi limodzi, kodi mtunda umenewu nditha kubwerera nditamubereka njira yonse? Chifukwa zimenezo zichitika, mwana amayenda mosangalala popita, pobwerera miyendo yatha. Nde kilomita imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira poyamba, ndipo musadabwe zikakutengerani maola awiri.

Kwa amene muli chakummwera, ine ndimati yambani ndi Zomba Plateau. Ubwino wake ngwakuti galimoto imakukwezerani chitunda chonse mpaka pamwamba cha ku hotela ya Ku Chawe, nde inu mumangoyenda pamalo osatsetsereka kwambiri, mumthunzi wa mitengo ya paini, mmbali mwa damu la Mulunguzi kapena kukaona mathithi a Williams Falls. Kuli Emperor's View komwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, kulinso Queen's View, malo okongola zedi oti mumaona chigwa chonse mpaka nyanja ya Chilwa kukayera bwino, koma ndi mmphepete mwa phompho, pamenepo mwana akhale kumsana basi, osamutsitsa olo ndi kungojambula chithunzi. Ku Chingwe's Hole nkosayenera nkomwe kupita ndi mwana woti amathamangathamanga, ndi dzenje lakuya lopanda chifundo.

Mulanje ndi nkhani ina. Nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kumeneko iwalaniko kaye, ngakhale nyumba zogona zapamwamba ngati Chambe kapena Lichenya ndi maola ambiri okwera chitunda chenicheni. Chomwe mungachite ndi kuyambira pa Likhubula kulowera ku Dziwe la Nkhalamba, munthu wamkulu amayenda pafupifupi ola limodzi, ndi mwana werengerani kawiri, ndipo tengani wokulondolerani njira pa ofesi ya zankhalango pompo, anyamata aja amadziwa mwala woterera ndi wouma. Dziwe lija ndi lakuya komanso madzi ake ngozizira kwabasi, akuluakulu odziwa kusambira anamirapo, nde mwana azisewera patali ndithu, wina atamugwira dzanja. A ku Lilongwe mutha kuyeserera kaye tinjira ta mu Lilongwe Wildlife Centre, ndi mtauni momwemo, mukaona kuti zavuta mumangotuluka nkubwerera kunyumba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula yatha, kunja sikunayambe kutentha. Koma kuphiri kumazizira kuposa mtauni, Zomba Plateau malo ena amapitirira mamita 2,000, nde olo mwanyamuka dzuwa likuwala tengani juzi, chipewa ndi masokosi. Mwana wobelekedwa amazizidwa msanga kuposa inu chifukwa inu mukuyenda thukuta lili kamukamu pomwe iye wangokhala, muzimugwira timapazi ndi timanja pafupipafupi. Chiperoni chikabwera, chifunga chija chimatseka njira mu mphindi zochepa, mukangoona chikutsika bwererani osakambirana. October ndi wotentha kwambiri komanso ndi nthawi ya moto wolusa mtchire. Nthawi yamvula, kuyambira November mpaka April, mitsinje ya mphiri imadzaza mwadzidzidzi olo pomwe muli inupo sipakugwa mvula, ndipo chichitikireni namondwe Freddy mu March 2023 tonse tinaona zomwe madzi ndi miyala yochokera kuphiri zimachita ku Mulanje, Phalombe ndi ku Soche. Miyezi imeneyo yendani kufupi ndi msewu.

Nyamukani mmamawa, cha mma 7 muli panjira, mwana atadya phala lake. Ana amsinkhu uwu amagona masana, nde konzani kuti nthawi yatulo ikamakwana mukhale mukubwerera ali kumsana.

Zoberekera nde pali zambiri zoti tinene. Chitenje chathu chomwechi chimagwira ntchito bwino kwambiri, mwana anachizolowera, amagona mwamtendere, ndipo mukafika popumira chimasanduka choyala pansi. Tengani ziwiri kapena zitatu, china chikanyowa. Vuto lake ndi lakuti pamtunda wautali chimamasuka pang'onopang'ono komanso chimapweteka pachifuwa, nde muziima nkumanganso musanafike potsetsereka, osadikira kuti mumve mwana akutsika. Zikwama zoberekera ana zija zimapezeka pa kaunjika nthawi zina, ngati mwapeza yang'anani malamba ndi zomangira zake ngati zili zolimba, ndipo muyeserere kaye kunyumba masiku angapo, osakayambira kuphiri. Abambo, apa nde pofunika inu, musamusiyire mayi yekha mwana wamakilo 12 kumsana chonsecho inu mwangonyamula foni, muzisinthana, palibe chamanyazi. Chinthu china chomwe anthu saganizira, mukawerama kudutsa pansi pa nthambi mutu wanu umadutsa koma nkhope ya mwana ndi imene imakwapulidwa, weramani kwambiri kapena gwirani nthambiyo ndi dzanja. Zomukweza pakhosi muzichita pamalo athyathyathya pokha, potsika ayi, mukaterereka amagwa kuchokera pamwamba ndipo manja anu onse ali pa miyendo yake.

Koma musamubereke njira yonse. Mutsitseni aziyenda yekha pomwe pali pabwino, nsapato zotseka kuphazi osati masilipasi, buluku lalitali. Mudzaona kuti amaima pa chilichonse, akapeza bongololo amanjuta pompo nkumamuyang'ana akudzipinda, kenaka watola kamtengo akukumba nako dothi, kenaka chibalobalo cha paini walowetsa mthumba lanu. Musamukoke dzanja kuti tiye tiye, kwa iyeyo ulendo wake ndi umenewo. Muuzeni maina a zinthu, uyu ndi gulugufe, uwu ndi msuku, tamva mbalame ija. Akayamba kunyinyirika mpatseni kantchito, kathamange ukagwire mtengo uwo, tiwerenge miyala mpaka 5, nthawi zambiri amayendanso kamtunda ndithu.

Chakudya chikhale chodya pang'onopang'ono pafupipafupi, nthochi, mbatata yophika, dzira lowiritsa, buledi wopaka chiponde, zitumbuwa. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga ayi, mwana wamng'ono amatsamwa nazo makamaka akamadya akuyenda. Madzi tengani akunyumba ochuluka kuposa mmene mukuganizira, a mumtsinje olo aoneke oyera bwanji musamumwetse. Ngati akuyamwa apitirize kuyamwa. Paketi ya Thanzi ORS isasowe mchikwama, imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, komanso pulasitala, sopo, zovala zosinthira ndi jumbo yoikamo mapampasi ogwiritsa kale ntchito. Chonde mapampasi aja bwererani nawo, zimandiwawa kuwaona atatayidwa mmbali mwa mtsinje, Mulunguzi yemweyo ndi amene anthu a mu mzinda wa Zomba amamwa. Ma sitiroberi ndi zipatso zina zomwe amagulitsa mmbali mwa msewu wokwera ku Plateau ndi zokoma, gulani, koma tsukani ndi madzi anu musanampatse.

Tsopano zoopsa zenizeni za mtchire, zomwe si mikango ayi. Choyamba ndi chitedze, nyemba zaubweya wofiirira zija zolendewera mmbali mwa njira nthawi yachilimwe, mwana amaziona ngati choseweretsa. Akagwira mvuleni zovala msanga, mutsukeni ndi madzi ambiri ndi sopo ndipo mgwireni manja asakande chifukwa kukanda kumalowetsa ubweyawo mkati. Chachiwiri linthumbu, mukaona mzere wakuda wadutsa panjira munyamuleni mudumphe, ndipo musanayale chitenje pansi yang'anani kaye bwinobwino. Akayamba kulira modzidzimutsa akudzimenya miyendo, mvuleni zonse mpaka pampasi, linthumbu limakwera mkati mwa zovala. Bowa ndi tizipatso ta mtchire lamulo likhale limodzi, chilichonse asanaike mkamwa akuonetseni. Anyani ndi apusi amalanda chakudya kwa wamng'ono, nde asayende nthochi ili mmanja pomwe pali anyani, ndipo musawaponyere chakudya. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, nchifukwa chake wamkulu mmodzi aziyenda kutsogolo, mwana pakati, wina kumbuyo. Zitachitika kuti yamuluma, osatema, osayamwa, osamanga ndi chingwe zolimba, munyamuleni asayende, thamangirani kuchipatala, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti chapafupi ndi chiti, kaya Zomba Central kaya Mulanje Mission. Madzi odikha a mmadambo ndi mmayiwe akumunsi asalowemo, kuli likodzo.

Netiweki kuphiri imadukaduka, nde uzani wina kunyumba komwe mwapita ndi nthawi yomwe mubwere, foni ikhale yodzadza moto, ndipo musapite wamkulu mmodzi yekha ndi mwana, mutabinya mwendo adzamunyamula ndani.

Nthawi yobwerera musadikire kuti atope. Mukaona wayamba kupunthwa pafupipafupi, kutikita mmaso, kukana chakudya chomwe amachikonda, nde kuti mwachedwa kale pang'ono, mberekeni mutembenuke olo mathithi akumveka patsogolo pompo. Mukhale mwatuluka mtchire dzuwa lisanapendeke kwambiri, udzudzu usanayambe.

Mukafika kunyumba pomusambitsa muyang'aneni thupi lonse, kuseri kwa makutu, mtsitsi, mkhwapa, mphechepeche, kufunafuna nkhupakupa. Mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu penipeni nkukoka pang'onopang'ono mowongoka, osaifinya mimba, kenaka tsukani ndi sopo. Ndipo akatentha thupi masiku otsatirawa, olo patapita masabata awiri, musangompatsa panado nkukhala, pitani akamuyeze malungo ndipo muwauze adokotala kuti munali kutchire.