Momwe mungawotchere timakabichi ta Brussels sprouts pa Khirisimasi

Amene mwadyapo Khirisimasi kuno ku Britain mukutidziwa timakabichi iti: tobiriwira, tating'ono ngati dzira la nkhunda, timakhala pambali pa nkhukundembo, mbatatesi zowotcha ndi karoti. Eni dziko ambiri amatenga tiwiri kapena titatu pongolemekeza mwambo, ana n'kumatikankhira m'mphepete mwa mbale. Ine nditatilawa koyamba tinali titawiritsidwa m'madzi mpaka kufewa ngati phala, fungo lake lili m'nyumba yonse, ndipo ndinatha zaka ndisakutifuna. Vuto silinali ndiwoyi ayi. Anali madzi. Timakabichiti tikakhalitsa m'madzi owira timatulutsa fungo longa la dzira lowola, koma tikawotchedwa pa moto waukulu timafiira, timatsekemera, ndipo masamba akunja amakhala khwasukhwasu.

Dzina lake linachokera ku Brussels, likulu la dziko la Belgium, komwe alimi akhala akutilima kwa zaka mazana angapo. Ndi mbewu ya mtundu umodzi ndi kabichi ndi kolifulawa, komanso ndi chibale cha repu ndi chainizi amene tinakulira kwathu. Timamera mondondozana pa tsinde limodzi lalitali, kalikonse pamene pachokera tsamba. Timakonda kuzizira, moti chisanu chikatimenya m'munda timawonjezera kutsekemera. N'chifukwa chake minda ya ku Lincolnshire, dera la kum'mawa kwa England, ndi ku Scotland imadzaza masitolo mu Disembala. Ngati munasiya kutidya kalekale chifukwa cha kuwawa, dziwani kuti m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Netherlands anapeza zomwe zimabweretsa kuwawako, ndipo makampani a mbewu anayamba kutulutsa mitundu yosawawa kwambiri. Ta masiku ano si tomwe tija ta kale.

Zofunika pa anthu anayi

Timakabichi tolemera magalamu 500, masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya mchere, tsabola wakuda wopera, bacon (nyama ya nkhumba yothira mchere) wa magalamu 100 wodula tizidutswa, tizigawo titatu ta adyo, supuni yaikulu imodzi ya uchi, theka la ndimu, ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Pamafunikanso thireyi yachitsulo yaikulu, yosazama.

Kusankha ndi kukonza

Pogula, tifinyeni pang'ono ndi zala. Tabwino timakhala tolimba, masamba atagwirana. Tofewa, tachikasu kapena ta timadontho takuda tisiyeni. Yesetsani kusankha tofanana kukula kuti tipsere limodzi. Mukapeza tomwe tikugulitsidwa tili pa tsinde lake, tengani timeneto, timakhalitsa tisanafote.

Dulani pang'ono chabe kunsi kwa kalikonse, pomwe pauma. Mukadula kwambiri kamamasuka konse. Chotsani masamba akunja ofota, koma abwino amene agwa okha musataye, chifukwa mu uvuni ndi amene amakoma kuposa zonse. Kenako dulani kalikonse pakati kuchokera kumutu kupita kutsinde. Takulu kwambiri dulani panayi. Agogo ambiri a kuno amalemba mtanda ndi mpeni kunsi kwa kakabichi kalikonse. Zimenezo ndi za owiritsa, inu sizikukukhudzani.

Tsukani, kenako umitsani. Apa ndi pomwe ambiri amapupuluma, pomwe ndi pamene pagona nkhani yonse. Tiyanikeni pa kansalu koyera ka kukhitchini ndi kutipukuta mpaka pasatsale dontho. Kakabichi konyowa kakalowa mu uvuni kamayamba kaphikidwa ndi nthunzi yake, ndipo pomwe madzi azidzatha kamakhala katafewa kale kasanafiire. Ntchito yonseyi mutha kuigwira madzulo a pa 24, n'kuika timakabichito mufiriji m'mbale yovindikira, kansalu kouma kali pansi.

Kutenthetsa uvuni

Ikani uvuni pa madigiri 220. Ngati ndi ya fani ikani pa 200, ya gasi pa nambala 7. Lowetsani thireyi yopanda kanthu kuti itenthere limodzi ndi uvuni kwa mphindi 10. Timakabichi tikagwera pa chitsulo chotentha kale timayamba kufiira nthawi yomweyo.

Pa tsiku la Khirisimasi uvuni imakhala ndi mzere wa zinthu zodikira, koma musadandaule. Nkhukundembo ikapsa imayenera kukhala panja, yofunditsidwa, kwa mphindi zosachepera 30 isanadulidwe kuti msuzi wake ukhazikike m'kati. Nthawi imeneyo ndi yanu. Tulutsani nyama, kwezani moto, lowetsani timakabichi.

Kuwotcha

M'beseni, sakanizani timakabichi ndi mafuta, mchere ndi tsabola. Gwiritsani ntchito manja kuti kalikonse kanyezimire mafuta. Tulutsani thireyi yotentha ija mosamala, khuthulirani timakabichi, ndipo tembenuzani kalikonse kuti mbali yodulayo iyang'ane pansi. Zimatenga mphindi ziwiri ndipo thireyi imakhala ikuwotcha, choncho gwiritsani ntchito foloko. Musadumphe zimenezi. Mbali yodulayo ndi imene imagunda chitsulo n'kufiira.

Tisapanikizane. Pakati pa kena ndi kanzake pazioneka chitsulo. Ngati alendo ndi ambiri ndipo mwagula kilogalamu yathunthu, gwiritsani ntchito mathireyi awiri. Mukatiunjika, nthunzi imasowa kothawira ndipo mumabwerera ku phala lomwe lija.

Ikani thireyi m'mwamba mwa uvuni, tsekani, ndipo musatsegule kwa mphindi 15. Zikakwana, nyamulani kamodzi muone kunsi. Kazikhala kofiira moderako ngati kunja kwa chigumu chopsa bwino. Masamba ogwa aja adzakhala atada m'mphepete. Ena akaona choncho amati ndiwo yapserera n'kuzimitsa moto, koma ayi ndithu, kukoma kwake kuli pamenepo. Chopserera chenicheni chimada bii paliponse ndipo chimanunkha utsi.

Tsopano wazani bacon ndi adyo wophwanya ndi mpeni, takasani pang'ono, bwezerani mu uvuni kwa mphindi 8 mpaka 10. Adyo salowa poyamba chifukwa pa moto wotere amapserera msanga n'kuwawitsa zonse. Kwatsala mphindi ziwiri, thirani uchi ndi kugwedeza thireyi. Uchi nawo sufuna kukhalitsa pa moto. Bayani kamodzi ndi nsonga ya mpeni: uzilowa mosavuta, koma pakati pazimveka kulimba pang'ono.

Zomalizira

Mukatulutsa, finyirani ndimu pomwepo ndi kulawa mchere. Bacon ali kale ndi mchere wake, choncho musawonjezere musanalawe. Eni dziko amakonda kuikamo mtedza wa mumtengo wotchedwa chestnut, womwe ndi wofewa komanso wotsekemera. Ine ndimaika mtedza wathu, wokazinga, wochotsa makoko, wosinja pang'ono kuti usafike pa nsinjiro. Amene anakulira mpiru wotendera akudziwa kale kuti masamba owawirako ndi mtedza n'zogwirizana. Okonda zowawa akhoza kudula kambuzi mmodzi tizidutswa tating'onoting'ono n'kuwaza pamwamba.

Ngati pakati pa alendo pali osadya nkhumba, chotsani bacon, wonjezerani supuni ina ya mafuta ndi mtedza wochulukirapo. Sizichepa kukoma.

Pititsani patebulo nthawi yomweyo, m'mbale yotenthetsa, yosavindikira. Mukavindikira, nthunzi imafewetsa masamba mwavutikira aja.

Ngati zinthu sizili choncho

Mukapeza ta mufiriji touma ndi ayezi, musatisungunule. Tipakeni mafuta tili choncho n'kutiika pa thireyi yotentha kwa mphindi 30 kapena kuposerako, n'kutembenuza kamodzi. Sitifika pa tatsopano, komabe timaposa towiritsa.

Wopanda uvuni agwiritse ntchito chiwaya cholemera, ngakhale pa mbaula. Mafuta akatentha, yalani timakabichi mbali yodula ili pansi, musatikhudze kwa mphindi 5. Tikafiira thirani masupuni atatu a madzi, vindikirani kwa mphindi 3 kapena 4, kenako vundukulani kuti madzi aphwe. Kwathu, komwe Khirisimasi imagwa m'dzinja lotentha ndipo timakabichiti sitipezeka wamba, tengani kabichi wamng'ono wolimba, mumuduledule m'zigawo zisanu ndi zitatu osachotsa mtima wake kuti masamba asamwazike, n'kumuwotcha chimodzimodzi. Amayenda bwino ndi mpunga ndi nkhuku ya tsikulo.

Totsala musataye. M'mawa wa pa 26 Disembala, tsiku lomwe kuno amati Boxing Day, tiduleni n'kutisakaniza ndi mbatatesi zotsala zophwanyaphwanya, n'kukazinga m'chiwaya mpaka kunsi kufiire. Eni dziko amati bubble and squeak, potengera phokoso lomwe zimachita m'chiwayamo. Ikani dzira lokazinga pamwamba, tiyi ali pambali.