Kuyeza pansi pa nyumba yakale yokonzedwanso ku Salima kuti mudziwe ngati ikutitimira

Kuno ku Salima, makamaka m'madera a dothi lakuda la makande, nthaka imafufuma m'dzinja n'kuuma mpaka kung'ambika pofika Okutobala, ndipo maziko osazama amakwera ndi kutsika nayo. Nyumba yakale ikapakidwa pulasitala watsopano ndi kuikidwa matailosi, zizindikiro za vutoli zimabisika. Ngati nyumbayo inalipo kale pa chivomerezi cha mu Malichi 1989, funsani eni ake kapena oyandikana nayo ngati inang'ambika, ndi momwe anaikonzera. Koma zongouzidwa sizikwanira, yezani.

Levulo yaifupi ya amisiri siithandiza kwenikweni pa ntchitoyi, chifukwa imangoonetsa pamalo pomwe yaikidwapo. Chofunika ndi payipi yapulasitiki yoonekera mkati, ya mamilimita 8 kapena 10 m'mimba mwake, yotalika mamita 15. Onjezerani tepi, choko, ndodo yowongoka, kope ndi munthu wina wokuthandizani. Thirani madzi m'payipimo, muikemo tiyi pang'ono kuti azioneka, ndipo muchotse mpweya wonse. Musanayambe, gundanitsani nsonga ziwirizo: madzi amayenera kufika pa mulingo umodzi ku nsonga zonse ziwiri, ndipo akapanda kulingana ndiye kuti mwatsala mpweya kapena payipi yapindika penapake. Isakhale mbali ina padzuwa ina pamthunzi, chifukwa madzi otentha amapepuka ndipo muyezo umalakwika ndi mamilimita angapo. Yezani m'mawa.

Sankhani khoma lamkati, chapakati pa nyumba, mulembe kamzere pa mamilimita 1,000 kuchokera pansi. Kamzereka ndi komwe miyezo yonse ichokere, ndiye kalembeni mosafufutika, ngakhale kukhomapo kamsomali. Wothandizayo agwire nsonga imodzi pamenepo, inu mupite ndi inayo m'ngodya iliyonse ya chipinda chilichonse. Iye azikweza kapena kutsitsa payipi mpaka madzi afike pa kamzere, adikire kuti akhazikike, kenako inu mulembe pakhoma pomwe madzi afika kwanu. Chala chisatseke nsonga pamene mukuwerenga, ndipo nonse muziwerenga pansi pa kakhonyo komwe madzi amapanga pamwamba pake m'payipimo, osati m'mphepete mwake.

Tsopano yezani ndi tepi kuchokera pa chizindikiro chilichonse mpaka pansi. Mukapeza 1,018, malowo atsika ndi mamilimita 18. Mukapeza 994, akwera ndi 6. Pakati pa chipinda, jambulani timitanda tachoko motalikirana mita imodzi, imikani ndodo pa kamtanda kalikonse, mulembe pa ndodoyo pomwe madzi afika, muyeze chimodzimodzi. Jambulani pulani ya nyumba m'kope, mulembe nambala iliyonse pamalo pake pamodzi ndi tsiku. Kubafa ndi pakhonde musadabwe, amapendeketsa dala kuti madzi azituluka.

Pa nyumba yokonzedwanso pali msampha. Woika matailosi amawonjezera simenti pomwe patsika, choncho pansi patha kukhala bwinobwino pomwe makoma anatitimira kale. Tulukani panja ndi payipi yomweyo, mutsate mzere umodzi wa njerwa kuzungulira nyumba yonse, kapena muyeze m'munsi mwa mawindo omwe anamangidwa mofanana. Onaninso zitseko: chomwe chinapalidwa m'munsi kapena pamwamba mopendekera chikukuuzani kuti felemu yake inasuntha. Gogodani pansi ndi chigwiriro cha hamala. Pomwe pakulira ngati ng'oma, pansi pake pali mphako.

Manambala okha sanena zonse. Onani momwe afalikira pa pulani. Pakati pa chipinda pakatsika makoma ali olingana, kawirikawiri ndi dothi lomwe anathira mkati osalitsendera bwino, kapena chiswe chafukula; vutoli ndi la simenti ya pansi yokha, osati maziko. Ngodya imodzi ikatsika ndipo khoma lang'ambika motsata njerwa ngati masitepe, fufuzani panja pa ngodyayo. Nthawi zambiri mupeza payipi yamadzi yodontha, dzenje la chimbudzi chakale lomwe anakwirira, madzi a padenga ogwera pa maziko, kapena mtengo wa mango kapena bulugamu womwe mizu yake ikuyamwa chinyezi cha makande. M'mbali monse mukatsika pakati pali potukuka, ndi makande omwe auma kunja mkati mukadali chinyezi. Pomwe chipinda chatsopano chinalumikizidwa ku nyumba yakale, mng'alu woongoka, waukulu pamwamba ndi waung'ono pansi, umasonyeza kuti gawo latsopanolo likupendekera kunja. Cha ku Senga Bay, pamchenga, nthaka siifufuma, koma madzi oyenda amakokolola mchenga pansi pa maziko.

Kutsika kwa mamilimita 10 pa mamita 3 ndi pomwe makoma a njerwa amayamba kung'ambika. Kukafika mamilimita 20 pa mamita 3, kapena mng'alu ukapitirira mamilimita 5, nkhaniyo yaposa ya pulasitala.

Komabe kuyeza kamodzi kumangosonyeza kuti pansi n'popendekeka, sikunena ngati nyumba ikusunthabe. Amisiri akale ena ankangosalaza ndi maso, ndipo nyumba zina zinatitimira zaka zambiri zapitazo n'kukhazikika. Yezani kumapeto kwa Okutobala, dothi litaumiratu, muyezenso mu Epulo mvula itatha, pa timitanda tomweto ndi kamzere komweko. Pa mng'alu uliwonse khomani timisomali tiwiri, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, muziyeza mpata wake mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwa mamilimita 2 kungachokere m'manja mwanu. Mng'alu wotseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja ndi wa makande: konzani ngalande, ikani magatala, ndipo zungulizani nyumba ndi simenti yotambalala mita imodzi yopendekera kunja. Mtengo waukulu musaudule mwaphuma, chifukwa dothi likabwezeretsa chinyezi limafufuma n'kukankha maziko.

Koma manambala akamangokula mbali imodzi nyengo zonse ziwiri, kapena khoma likayamba kupendama, imitsani ntchito ya matailosi ndi siling'i, musagonetse anthu m'chipindacho, ndipo muitane injiniya wa zomangamanga kapena mupite ku ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo ya boma la Salima. Tengani kope lija, chifukwa ndi lomwe limuuze injiniyayo pomwe ayambire kukumba kuti aone kuzama kwa maziko.