Kufananitsa mmene maiko akuchitira ndi antchito okalamba: poyambira ndi pati

Osayamba ndi malamulo ayi, yambani ndi chiwerengero cha anthu. Lowani pa webusaiti ya World Bank kapena ILOSTAT, yomwe ndi nkhokwe ya manambala ya ILO (bungwe loona za ntchito padziko lonse), muone kuti pa anthu 100 a zaka 15 mpaka 64 pali agogo angati a zaka 65 kupita mtsogolo. Ku Japan anthu a zaka 65 kupita mtsogolo ndi pafupifupi 29 pa anthu 100 alionse a m'dzikomo, pomwe kwathu kuno ku Malawi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 20, ndiye maiko awiriwa osawaika mbale imodzi.

Kenako zaka zopumira pantchito, apa ndipamene ambiri amasokonezeka chifukwa zaka zoyambira kulandira penshoni ndi zina, zaka zomwe kampani imakuuza kuti bambo basi kapumeni ndi zinanso. Germany ikukweza zaka zoyambira kulandira penshoni pang'onopang'ono mpaka 67. France mu 2023 atati achoke pa 62 afike 64 anthu anakhamukira m'misewu kuchita zionetsero. Ku Japan kuyambira 2021 lamulo limati makampani ayesetse kusunga munthu mpaka 70, mawu ake ndi kuyesetsa, sikukakamiza.

Chachitatu mudzifunse kuti agogowo akugwiriranji ntchito. Ku South Korea okalamba ambiri ali pantchito ndithu koma ambiri ndi chifukwa penshoni ndiyochepa, umphawi wa okalamba kumeneko uli pamwamba kwambiri mwa maiko a OECD, bungwe la maiko omwe ambiri mwa iwo ndi olemera.

Chinanso, onetsetsani kuti manambala onse ndi a chaka chimodzi, ndipo muone ngati alimi ndi ageni anawerengedwa nawo.