Galimoto ya magetsi ikamagogoda kunsi, musathamangire kugula mashoko

M'galimoto ya petulo bushi (kalabala ka polumikizira zitsulo za kunsi) imatha kudyeka mwezi wathunthu inu osamva kanthu, chifukwa injini ikukokoma. Galimoto ya magetsi ngati Nissan Leaf ilibe chobisira choterocho. Mumamva chilichonse, ngakhale botolo la madzi likamagubuduka m'buti. N'chifukwa chake ambiri akangomva "gu! gu!" amauza makaniko kuti mashoko atha, n'kugula awiri, koma phokoso lili pompo. Khutu liyambe kugwira ntchito sipanala isanatuluke m'bokosi.

Tsitsani katundu yense m'buti, thimitsani wailesi, tsegulani magalasi, ndipo muyende pang'onopang'ono pa msewu umene mumaudziwa bwino. Kaphokoso kopyapyala kamene Leaf imatulutsa ikamayenda mwapang'ono musakawerengere. Opanga galimotoyi anakaikamo dala kuti kazichenjeza oyenda pansi. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti phokosolo limabwera galimoto ikamatani.

Likamamveka pa mahampu kapena pa msewu wafumbi wa mabampu, kawirikawiri amakhala ma stabiliser link, tizitsulo tiwiri totsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mashoko. Likamati "tcha-tcha-tcha" mukamakhota mutapinda chiwongolero mpaka kumapeto, suzumirani labala wa CV joint, polumikizira pa shafuti yozungulitsa tayala. Akang'ambika, girizi amamwazika mkati mwa rimu ndipo fumbi limalowa m'malo mwake. Kulira kwa "wuuu" komwe kumakula ndi liwiro ndi beringi ya tayala, ngakhale kuti matayala odyeka mbali imodzi amaliranso chimodzimodzi, choncho yambani mwasisita matayalawo ndi dzanja. Mukamva kukhukhuluza pamene mukupotoza chiwongolero galimoto ili chiimire, tsegulani boneti muone pamwamba pomwe pamangidwa shoko. Pa ma Leaf oyambirira, omwe anayamba kutuluka mu 2010, madzi amakonda kudikha pamenepo mpaka nati ndi beringi yake kuchita dzimbiri. Galimoto zobwera kuchokera ku Japan zitayendapo kale zimatha kufika dzimbirilo lili kale.

Pali phokoso lina lomwe lasowetsa tulo eni ma Leaf ambiri. Limangoti "tchwa!" kamodzi mukamanyamuka, kamodzinso mukachotsa phazi pa moto. Munthu amaganiza kuti giyabokosi yapita, mtima n'kukhala m'mwamba poganizira mtengo wake. Nthawi zambiri si giyabokosi ayi. Mota ya magetsi imakoka mwamphamvu nthawi yomweyo, ndipo mukachotsa phazi imakokera chobwerera kuti idzaze batire. Kukokera uku ndi uku kumachititsa kuti mano a kumapeto kwa shafuti aziseguka pang'ono mkati mwa habu ya tayala. Mankhwala ake ndi kumasula nati yaikulu ya pakati pa tayala, kukankhira shafuti mkati, kupukuta bwino, kupaka girizi woyenera, kuika nati yatsopano ndi kuimanga ndi torque wrench (sipanala yoyeza kuthina kwa nati) pa mulingo wa m'buku la galimotoyo. Ndikunena torque wrench, osati kudumphira pa paipi monga tizolowera m'magalaja athu ena. Nati yothina mopyola imapha beringi.

Tsopano za jeki, ndipo apa mumvetsetse. Pansi pa Leaf pagona batire lalikulu, lolemera makilogalamu pafupifupi 300 pa ma Leaf oyambirira aja. Jeki isakhudze bokosi la batire. Iikeni pa malo olimba a m'mbali omwe buku likusonyeza, kenako mutchinjirize ndi ma stand, osati njerwa. Galimoto ikhale yothimitsiratu, mawu akuti READY kapena kagalimoto kobiriwira kasakuoneka pa dashibodi, chifukwa galimoto iyi ikhoza kukhala yoyaka inu osamva. Mawaya a mtundu wa olenji ali ndi mavoti opitirira 300. Ntchito ya mashoko ndi mabushi siwakhudza, ndiye asiyeni.

Tayala likakhala m'malere, ligwireni kumanja ndi kumanzere muligwedeze. Likamasewera, onani tie rod, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala. Ligwireninso pamwamba ndi pansi. Likasewera pamenepo, ndi ball joint (polumikizira pomwe tayala limatembenukira) kapena beringi. Mnzanu azigwedeza, inu mutaika dzanja pa chitsulo chomwe mukuchikayikira, poti dzanja limamva kugunda kumene maso sakuona. Mabushi atsendereni ndi chitsulo chophwatalala muone ngati labala wang'aluka. Shoko yakufa imadziulula yokha ndi mafuta otsikira m'mbali mwake.

Wina akakuuzani kuti muwonjezere mafuta a chiwongolero, musapereke ndalama: chiwongolero cha Leaf chimathandizidwa ndi mota ya magetsi, chilibe mafuta otero. Chikalemera mwadzidzidzi, nyali yochenjeza n'kuyaka, yezetsani kaye batire laling'ono la mavoti 12 musanaganize zazikulu.

Stabiliser link yogogoda mutha kuyenda nayo mpaka malipiro a mwezi atafika. Ball joint kapena tie rod yosewera ayi, chifukwa ikazuka tayala limagona pambali muli pa liwiro. Mukasintha zimenezi pitani ku alayimenti tsiku lomwelo. Ndipo makaniko akaika mabushi atsopano, muuzeni kuti mabawuti ake awamalize kumanga galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pa matayala. Akamangira m'malere, labala amapotoka galimoto ikangotera pansi, ndipo sakhalitsa.